Mmene kompyuta imasakira njira yabwino koposa yoyendetsera famu ya ng'ombe za mkaka

Pa famu ya ng'ombe za mkaka palibe chisankho chimene chimayenda chokha. Mlimi akaonjezera ng'ombe pa hekitala iliyonse, mkaka wa famu yonse umakwera, koma msipu umatha msanga, ng'ombe iliyonse imadya zochepa, zina zimaonda, ndipo ng'ombe yoonda imachedwa kutenga bere. Ikatero imachedwanso kubereka chaka chinacho, mwina n'kudzabereka pa nthawi imene udzu wayamba kale kuchepa. Zotsatira za chimene wasankha lero zimadzaoneka patapita chaka kapena ziwiri, zitasakanikirana ndi za mvula, za matenda ndi za msika, moti n'kovuta kuloza chimene chapindulitsa ndi chimene chaluzitsa. Komanso famu si malo oyeserapo zinthu mwachisawawa. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 280, ndipo thole lalikazi limatenga zaka ziwiri kuti liyambe kukamidwa. Choncho pa moyo wake wonse mlimi angayese njira zowerengeka chabe, ndipo iliyonse imene yalephera amailipira ndi ndalama zenizeni.

N'chifukwa chake akatswiri a za ulimi anayamba kumanga mafamu a m'kompyuta. Modelo yoyerekezera famu ndi pulogalamu yotsanzira zochitika pa famu tsiku ndi tsiku: mvula ikagwa chinyezi chimakwera m'nthaka, udzu umakula molingana ndi dzuwa ndi kutentha, ng'ombe zimadya, chakudyacho chimagawika kupita ku mkaka, ku thupi ndi kwa mwana wa m'mimba, ndowe ndi mkodzo zimabwerera m'nthaka, ndipo chaka chikatha pulogalamuyo imawerengetsa ndalama zolowa ndi zotuluka. Gawo lililonse lili ndi masamu ake. Mwachitsanzo, mu 1967 P. D. P. Wood wa ku Britain anasindikiza masamu a manambala atatu okha ofotokoza mmene mkaka umakwerera ng'ombe ikangobereka, n'kufika pachimake pakatha milungu ingapo, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa nyengo yokama, imene mwachizolowezi imawerengedwa masiku 305. Mamodelo ambiri akudalirabe masamu a Wood mpaka pano.

Modelo iliyonse imaonetsa nkhawa za dziko limene inabadwira. Ku United States kuli Integrated Farm System Model ya unduna wa za ulimi, USDA, imene inachokera ku modelo yakale yotchedwa DAFOSYM ya ku Michigan State University. Iyo imalimbikira za mbewu, makina ndi manyowa, ndipo imayendetsa famu pa nyengo ya zaka zambiri, kawirikawiri 25. Ku Denmark kuli SimHerd, imene imatsata ng'ombe imodziimodzi mlungu ndi mlungu, n'kumachita maere kuti ione ngati ng'ombeyo itenge bere, idwale kapena ife. Ku New Zealand ndi ku Ireland, kumene ng'ombe zimadalira kwambiri busa, mamodelo awo amazungulira pa kakulidwe ka udzu: bungwe la DairyNZ la ku New Zealand lili ndi Whole Farm Model, imene mkati mwake muli ng'ombe ya masamu yotchedwa Molly yopangidwa ndi R. L. Baldwin wa ku University of California ku Davis, ndipo bungwe la Teagasc la ku Ireland lili ndi Moorepark Dairy Systems Model ya mu 2004.

Koma modelo yotere imayankha funso limodzi lokha: nditachita chakuti, chingachitike n'chiyani? Siuza munthu chimene ayenera kuchita. Ukaipatsa ndondomeko imakubwezera zotsatira zake, basi. Wina anganene kuti ndiye tingoyesa ndondomeko zonse n'kutengapo yopambana. Tiyeni tiwerenge. Tinene kuti pali zinthu 10 zoti tisankhe, monga tsiku loyamba kubereketsa, kuchuluka kwa ng'ombe pa hekitala, mlingo wa feteleza, tsiku losiya kukama ndi zina, ndipo chilichonse chili ndi milingo 10. Ndondomeko zonse pamodzi zikukwana 10 biliyoni. Kompyuta itamayesa imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, ingamalize patapita zaka zoposa 300. Ndipo famu yeniyeni ili ndi zosankha zoposa 10. Apa m'pamene pamafunikira njira zosakira, zimene ntchito yake ndi kupeza ndondomeko yabwino koposa, kapena yoyandikira kumeneko, popanda kuyesa zonse.

Yakale kwambiri mwa njirazi ndi linear programming. Leonid Kantorovich anayala maziko ake ku Leningrad mu 1939, ndipo George Dantzig wa ku United States anapeza mu 1947 njira yoiwerengera yotchedwa simplex. Vuto loyamba lalikulu limene anaiyeserapo linali la chakudya. Mu 1945 George Stigler anafunsa kuti munthu angadye chiyani chaka chonse ndi ndalama zochepetsetsa koma n'kupeza zonse zofunika m'thupi. Anatenga zakudya 77 ndi zofunika m'thupi 9, ndipo powerengera pamanja ndi kulingalira mwanzeru anafika pa madola 39.93 pa chaka, pa mitengo ya mu 1939. Mu 1947 ogwira ntchito ku National Bureau of Standards, bungwe la boma la United States loona za miyezo, anawerengera vuto lomweli ndi simplex n'kupeza madola 39.69. Sipanapite nthawi, mu 1951, Frederick Waugh anagwiritsa ntchito njirayi posakaniza chakudya cha ng'ombe za mkaka chotsika mtengo koposa, ndipo kuyambira pamenepo yakhala msana wa ntchito yopanga zakudya za ziweto.

Kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Umatchula cholinga chimodzi, monga kuchepetsa mtengo wa chakudya cha ng'ombe pa tsiku. Kenako umaika malire: mphamvu zisachepere apa, mapuloteni asachepere apa, zakudya zolimba zothandiza kubzikula zikhale zokwanira, ndipo zonse pamodzi zisapose zimene mimba ya ng'ombe ingalandire. Kompyuta imapeza msakanizo wotsika mtengo koposa wokwaniritsa malire onsewo, ndipo imatsimikizira kuti palibenso wina woposa umenewo. Chimene ndimachiona chamtengo wapatali kuposa yankho lenilenilo ndi manambala ena amene njirayi imatulutsa pambali, otchedwa shadow prices. Iwo amauza mlimi malire amene akumupanikiza ndi ndalama zimene angapindule atawamasulako pang'ono. Pa famu yonse, manambalawa angaonetse kuti hekitala ina yoonjezera singabweretse kanthu chifukwa chimene chikusowa ndi manja okama, osati malo. Munthu amene amafuna kubwereka ndalama zogulira munda angapulumuke ndi nambala imodzi yotere.

Chofooka chake chili pa maziko ake omwewo. Linear programming imaganiza kuti ukawirikiza kawiri cholowa, chotuluka chimawirikizanso kawiri. Ng'ombe sichita zimenezo, nthakanso sichita zimenezo. Kilogalamu yoyamba ya chakudya choonjezera imabweretsa mkaka wambiri kuposa yachisanu, ndipo ng'ombe ikadya chakudya chogula imachepetsako udzu umene ikanadya. Feteleza woyamba amakulitsa udzu kwambiri, womaliza amangokokoloka. Akatswiri amazemba vutoli podula mzere wopindika m'tizidutswa towongoka, ndipo pa zinthu zosagawika, monga thirakitala kapena wantchito, amagwiritsa ntchito mixed integer programming, imene imalola manambala athunthu okha. Zimathandiza, koma famu ikakakamizidwa kulowa m'mizere yowongoka, zambiri zimene modelo yoyerekezera inamangidwira zimatsala kunja.

Funso lina limene lili ndi njira yakeyake ndi la kuchotsa ng'ombe m'khola. Kodi ng'ombe iyi, imene yabereka kanayi, mkaka wake ndi wapakatikati ndipo yalephera kutenga bere katatu, tiisungebe kapena tiigulitse kuti malo ake atenge msoti? Richard Bellman anakonza dynamic programming m'zaka za m'ma 1950 kaamba ka mavuto a mtundu umenewu, amene chisankho cha lero chimasintha zosankha za mawa. Njirayi imawerenga chobwerera m'mbuyo. Imayambira kutsogolo kwambiri, n'kumabwerera mwezi ndi mwezi, ndipo pa mwezi uliwonse imafunsa kuti ng'ombe yokhala mumkhalidwe wakutiwakuti ili ndi phindu lanji: la mwezi uno, kuphatikiza limene likuyembekezeka m'tsogolo ngati tidzapitiriza kusankha bwino. Zikatero ng'ombe iliyonse imapatsidwa nambala yoonetsa phindu loisunga poyerekeza ndi kuika msoti m'malo mwake. Nambalayo ikatsika kupitirira ziro, nthawi yoichotsa yakwana. Ikakhala pamwamba, imaonetsanso ndalama zimene zili zomveka kuwononga pochiza ng'ombeyo ikadwala. Masamu omwewo amaonetsa chifukwa chake ng'ombe ya mkaka wambiri imayenera kupatsidwa mwayi wochuluka wotenga bere kusiyana ndi ya mkaka wochepa. Johan van Arendonk wa ku yunivesite ya Wageningen, ku Netherlands, anachita ntchito yodziwika bwino pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980.

Bellman yemweyo anachenjeza za chopinga chachikulu cha njira yake: mikhalidwe imachuluka mochulukitsana, osati mophatikizana. Tinene kuti tikusiyanitsa ng'ombe potengera kuti yabereka kangati, kufika ka 12, miyezi 24 chiberekereni, milingo 10 ya bere ndi magulu 15 a mkaka. Imeneyo ndi mikhalidwe 43,200. Tikati tionjezere mbiri ya matenda otupitsa mawere m'milingo inayi, chiwerengerocho chawirikiza kanayi, ndipo kupunduka miyendo sitinakutchule n'komwe. Anders Ringgaard Kristensen wa ku Copenhagen anapeputsa katunduyu mu 1988 poika masamuwo m'magawo osanjikizana, kotero kuti zinthu zosasintha pa moyo wa ng'ombe, monga mtundu wake, zimawerengedwa pamwamba, ndipo zosinthasintha zimawerengedwa pansi pake. Komabe pali chinthu chimodzi chimene njirayi imachilambalala: imaona ng'ombe iliyonse payokha, ngati kuti msoti wolowa m'malo ulipo nthawi zonse. M'khola lenileni misoti ndi yowerengeka ndipo malo ndi ochepa. Malamulonso amasintha funso lonse. Pa nthawi imene mayiko a ku Ulaya anali ndi malire a mkaka umene famu ingagulitse, kuyambira 1984 mpaka 2015, chofunika sichinali phindu pa ng'ombe koma phindu pa kilogalamu ya mkaka, ndipo ng'ombe yoyenera kusungidwa inali ina.

Njira ziwirizi zimafuna kuti famu ilembedwe m'masamu ogwirizana nazo. Nanga ngati tili kale ndi modelo yaikulu, yolembedwa zaka zambiri, imene sitingaiphwanye? Pamenepo modeloyo imatengedwa ngati bokosi lotseka. Pulogalamu yosakira imaponyamo ndondomeko, imalandira nambala ya phindu, n'kuganiza yoti iyese kenako. Zili ngati munthu amene akufuna nsonga yaitali koposa m'dera la mapiri kuli chifunga chokhachokha: saona patali, amangomva ndi mapazi ngati akukwera kapena akutsika. Njira yophweka ndiyo kumangoponda kumene kukukwera mpaka mbali zonse zitayamba kutsika. Njira ya John Nelder ndi Roger Mead ya mu 1965 ndi ya mtundu umenewu, ndipo awiriwa anaipanga akugwira ntchito pa malo ofufuzira za ndiwo zamasamba ku Wellesbourne, ku England. Imathamanga, koma imaima pa kaphiri koyamba kamene yakwera, phiri lalikulu lili potero.

Ndipo m'modelo ya famu timapiri totere ndi tambirimbiri, chifukwa muli malamulo ambiri odumpha. Gawo la busa limatchetchedwa kuti apange sayileji, udzu wosungidwa uli wauwisi, pokhapokha udzu utapitirira mlingo wakuti. Ng'ombe imafuna nkhunzi pa masiku pafupifupi 21 aliwonse, ndiye kuphonya tsiku limodzi kungatayitse milungu itatu. Ng'ombe imodzi yoonjezera ingachititse kuti pafunike wantchito wina wathunthu. Kusuntha pang'ono nambala imodzi kungagwetse phindu, kusunthanso pang'ono n'kulikweza. Njira zodalira kutsetsereka kosalala zimasokonezeka pa malo otere.

Simulated annealing, imene Scott Kirkpatrick ndi anzake a ku kampani ya makompyuta ya IBM anaifalitsa mu 1983, imathana ndi vutoli polola kutsika. Nzeru yake inachokera kwa osula zitsulo, amene amaziziritsa chitsulo pang'onopang'ono kuti chisakhale ndi ming'alu. Poyamba pulogalamuyo imavomera ngakhale ndondomeko yoipirapo kusiyana ndi imene ili nayo, ndipo mwa kutero imatha kuchoka pa kaphiri n'kuwoloka chigwa. Nthawi ikamapita mtima wovomera zoipirapo umachepa, mpaka imakhazikika pamalo amodzi. Ikaziziritsidwa mofulumira imakodwa msanga, ikachedwetsedwa kwambiri imadya nthawi.

Genetic algorithm, imene John Holland wa ku University of Michigan anaifotokoza mu 1975, ndi yosavuta kwa woweta aliyense kuimvetsa, pakuti imatsanzira kusankha mbewu ya ziweto. Ndondomeko iliyonse imalembedwa ngati mndandanda wa manambala. Imodzi inganene kuti ng'ombe 2.8 pa hekitala, makilogalamu 150 a nayitulojeni pa hekitala, masiku 25 ozungulira magawo a busa, ndi kusiya kukama pa tsiku la 270. Ina inganene 3.2, 120, 30 ndi 255. Pulogalamu imayamba ndi ndondomeko zotere, tinene 50, zosankhidwa mwamaere, n'kuziyendetsa zonse m'modelo. Zimene zachita bwino zimapatsidwa mwayi waukulu wokhala makolo. Mwana angatenge manambala awiri oyamba kwa kholo loyamba ndi awiri otsiriza kwa lachiwiri, n'kukhala 2.8, 150, 30 ndi 255, ndipo mwa apo ndi apo nambala imodzi imasinthidwa mwangozi kuti pabwere chatsopano. M'badwo ndi m'badwo gululo limasunthira kumene kuli phindu. Mtengo wake ndi nthawi: mibadwo 200 ya ndondomeko 50 ndi maulendo 10,000, ndipo ngati ulendo umodzi ukutenga mphindi imodzi ndiye kuti pafupifupi mlungu wathunthu pa kompyuta imodzi. Mwayi wake ndi wakuti ndondomeko za m'badwo umodzi sizidikirana, choncho zingagawidwe ku makompyuta ambiri nthawi imodzi.

Pali abale ake ena. Differential evolution ya Rainer Storn ndi Kenneth Price, ya m'zaka za m'ma 1990, imapanga ndondomeko yatsopano potenga kusiyana kwa ndondomeko ziwiri n'kukuphatikiza pa yachitatu, ndipo imayenda bwino pa manambala osadumpha monga mlingo wa feteleza. Tabu search ya Fred Glover imasunga mndandanda wa kumene yadutsa kale kuti isabwerereko msanga. M'zaka za m'ma 1990 David Mayer ndi anzake a ku Queensland, ku Australia, anayerekeza njira zingapo zotere pa modelo ya famu ya mkaka, ndipo zimene zimasaka mwamaere zinaposa zongokwera molunjika. Koma amene akufuna kuuzidwa njira imodzi yopambana pa zonse sadzaipeza. David Wolpert ndi William Macready anaonetsa mu 1997 kuti tikatenga mavuto onse otheka, palibe njira yosakira yoposa inzake. Iliyonse imapambana pamene maonekedwe a vuto akugwirizana nayo.

Tsopano tifike pa zimene zimasocheretsa ngakhale akatswiri. Choyamba ndi maere. Modelo ngati SimHerd ukaiyendetsa kawiri ndi ndondomeko imodzimodzi imapereka mayankho awiri osiyana, chifukwa ulendo wina ng'ombe zambiri zatenga bere, ulendo wina zadwala. Kuti udziwe phindu lenileni la ndondomeko uyenera kubwereza kambiri n'kutenga avereji, ndipo masamu ake ndi ouma mtima: kuti cholakwika chichepe ndi theka, maulendo ayenera kuwirikiza kanayi. Njira imodzi yochepetsera ntchitoyi ndiyo kuyesa ndondomeko zonse pa maere ofanana ndi pa zaka za nyengo zofanana, kuti kusiyana kumene kwaoneka kukhale kwa ndondomeko, osati kwa mwayi. Ngakhale zitatero, ndondomeko imene yatuluka pamwamba pa zinzake 10,000 kawirikawiri imakhala kuti mwayi unaikomerako. Phindu lake lolembedwa limakhala lokwera kuposa loona. N'chifukwa chake zopambana zingapo ziyenera kuyesedwanso pa maere atsopano ndi pa zaka za nyengo zimene sizinagwiritsidwe ntchito posaka.

Modelo ikakhala yochedwa kwambiri, ena amamanga kamodelo kothamanga kotsanzira yaikuluyo. Amayendetsa yaikulu maulendo mazana angapo pa ndondomeko zomwazikana bwino, n'kuphunzitsa kakang'onoko kulosera zotsatira za malo osayesedwa. Masamu odziwika pa ntchitoyi, otchedwa kriging, anachokera kwa Danie Krige, amene mu 1951 ankalosera kuchuluka kwa golide m'migodi ya ku South Africa kuchokera pa maenje owerengeka. Ubwino wake ndi wakuti kamodeloko kamanenanso pamene sikakutsimikiza, ndiye pulogalamu imasankha ulendo wotsatira pakati pa malo ooneka opindulitsa ndi malo amene sakudziwika bwino.

Chachiwiri, chimene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi, n'chakuti pulogalamu yosakira sidziwa ng'ombe, imadziwa modelo. Paliponse pamene modelo ili ndi mpata, iyo imalowa pomwepo, pakuti pampata m'pamene phindu limaoneka lalikulu. Dantzig yemwe anasimba kuti atafuna kudzikonzera zakudya zochepetsa thupi koma zokhutitsa, kompyuta inamulembera magaloni 500 a viniga, chifukwa m'mabuku amene anagwiritsa ntchito viniga analembedwa ngati wopanda madzi. Masamu sanalakwe. Cholakwika chinali m'zimene anawapatsa.

Pa famu ya m'kompyuta zimachitika motere. Tinene kuti modelo ikuyenda chaka chimodzi ndipo cholinga ndi phindu la chaka chimenecho. Pulogalamu idzapeza msanga kuti n'kopindulitsa kukama ng'ombe mpaka tsiku lomaliza, kuzisiya zitaonda nthiti zili pamtunda, kudyetsa busa lonse mpaka dothi, kugulitsa sayileji yense ndi kusalera misoti n'komwe. Papepala phindu ndi lalikulu zedi. Koma famu imeneyo yadya mbewu ya chaka chamawa, ndipo modelo sinaone chifukwa inatseka buku pa tsiku la 365. Mankhwala ake ndi kulamula kuti famu imalize chaka ili monga inayambira, thupi la ng'ombe, udzu wa pabusa ndi nkhokwe ya chakudya zonse, kapena kupereka mtengo ku zinthu zimenezi, kapena kuyendetsa modelo zaka zambiri zotsatizana. Chimodzimodzi, ngati masamu a kakulidwe ka udzu anayesedwa pa feteleza wofika makilogalamu 200 okha pa hekitala, pulogalamu ikalangiza 500 ndiye kuti yatuluka kunja kwa zimene modelo ikudziwa. Yankho lililonse lotsamira kumalire a nambala liyenera kukayikiridwa. Pa chifukwa chomwechi kusaka kotere ndi njira yabwino kwambiri yoyesera modelo: m'maola ochepa kumavumbula zibowo zimene anthu akanatha zaka osaziona. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene zotsatira zotere zafika kwa mlimi ngati langizo, asanazione munthu wodziwa khola.

Chachitatu ndi cholinga chenichenicho. Kale funso linali phindu lokha, koma lero famu ya mkaka imafunsidwa zambiri. Mwa nayitulojeni amene ng'ombe imadya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi limene limapita mu mkaka, ndipo wochuluka wa wotsalayo amatuluka m'ndowe ndi mkodzo. Mphamvu zina za m'chakudya, pafupifupi 6 pa 100 zilizonse, zimatayika ngati mpweya wa methane umene ng'ombe imageya. Zina mwa izi zakhala malamulo: kuyambira ndi lamulo la mu 1991, mayiko a European Union amaika malire a makilogalamu 170 a nayitulojeni wa m'manyowa pa hekitala pa chaka m'madera amene madzi ali pangozi. Lamulo lotere ndi losavuta kuika m'masamu, limangokhala malire ena. Chovuta ndi pamene palibe lamulo, koma mlimi akufuna phindu, madzi aukhondo ndi maola ochepa a ntchito, zonse pamodzi.

Njira yachidule ndiyo kupatsa cholinga chilichonse kulemera kwake n'kuziphatikiza kukhala nambala imodzi. Sindiikonda, chifukwa imabisa chiweruzo cha munthu m'kati mwa masamu. Amene wasankha kulemerako wasankha kale yankho, ndipo wowerenga zotsatira sadziwa. Njira yoonekera poyera ndiyo kusaka gulu lonse la ndondomeko zimene sungakonze mbali imodzi popanda kuononga ina, maganizo amene amatchedwa ndi dzina la katswiri wa za chuma Vilfredo Pareto. Njira yosakira yotchedwa NSGA-II ya Kalyanmoy Deb ndi anzake, ya mu 2002, imachita zimenezi, ndipo pulogalamu ya FarmDESIGN ya Jeroen Groot ndi anzake a ku Wageningen imachita zofanana pa mafamu athunthu. Chotuluka si yankho limodzi koma mzere wa mayankho, woonetsa kuti kuchepetsa kutayika kwa nayitulojeni ndi mlingo wakuti kukudya phindu lochuluka bwanji. Nthawi zambiri mzerewo umakhala ndi popindika: masitepe oyamba ndi otsika mtengo, mwinanso aulere pa famu imene inkamwaza zinthu, koma kupitirira pamenepo sitepe iliyonse imawawa. Kudziwa pamene pali popindikapo kumathandiza mlimi ndi wopanga malamulo yemwe.

Palinso chinthu china chimene anthu a masamu sachedwa kuchiiwala. Pafupi ndi yankho labwino koposa, phindu silisintha kwambiri. Stigler ndi pensulo yake anaphonya ndi masenti 24 okha pa chaka. David Pannell wa ku University of Western Australia analemba mu 2006 kuti zimenezi zili ponseponse pa ulimi: ukhoza kusuntha mlingo wa feteleza kapena kuchuluka kwa ziweto ndithu, phindu n'kungotsika pang'ono. Ndiye kulimbana kuti tipeze nambala yeniyeni ya pansonga n'kosapindulitsa kwenikweni, makamaka poti modeloyo ili ndi zolakwika zoposa kusiyanako. Chofunika ndi kudziwa kukula kwa dera limene ndondomeko zonse zili zabwino, ndi mbali imene kuli phompho. Pa kuchuluka kwa ng'ombe, mwachitsanzo, mbali ziwirizo sizifanana. Wochepetsa pang'ono amataya kaphindu kochepa chaka chilichonse, koma wochulutsa angapindule zaka zabwino n'kudzagwa kolimba chaka cha chilala, pamene chakudya chogula chakwera mtengo kwa aliyense. Famu ya ngongole yambiri singapirire chaka chotero ngakhale avereji ya zaka 25 ikuoneka yokoma. N'chifukwa chake ofufuza ena sasaka avereji yokwera koposa, koma ndondomeko imene zaka zake zoipitsitsa zili zopiririka.

Zimene zikusintha tsopano ndi kuchuluka kwa zimene famu imadziwa za ng'ombe zake. Chiyambireni makina okama okha pa mafamu a ku Netherlands mu 1992, mkaka wa ng'ombe iliyonse ukhoza kuyezedwa pa kukama kulikonse, ndipo timakina tovala m'khosi timawerenga mayendedwe ndi nthawi yobzikula. Manambalawa amalola kuti modelo ikonzedwe kuti ifanane ndi khola lenilenilo, osati khola la avereji, ndipo kukonzako ndi ntchito ya njira zosakira zomwezi: m'malo mosaka ndondomeko ya phindu lalikulu, zimasaka manambala a m'kati mwa modelo amene akupangitsa zolosera kugwirizana ndi zoyezedwa. Nambala ya phindu losunga ng'ombe ingawerengedwenso tsiku lililonse pamene mkaka wake wasintha. Mfundo imene ikadali yolimba ndi yolumikiza mbali ziwirizi, chisankho cha ng'ombe imodzi ndi ndondomeko ya famu yonse. Kuti ng'ombe isungidwe kapena ichoke zimadalira udzu, malo ndi misoti imene ilipo, pamene udzu, malo ndi misotiyo zimadaliranso zimene zasankhidwa pa ng'ombe zina zonse za m'kholamo. Njira zodziwika zimagwira mbali imodzi n'kuyerekeza kuti inayo yaima, kenako n'kusinthana, mobwerezabwereza mpaka manambala atakhazikika, ndipo masamu satsimikizira kuti pamene akhazikikapo m'pamene pali pabwino koposa.